Mphindi zisanu za kukhala chete: mmene ndimaugwirira mtima wapachala kuno ku Harare

Ndiyambe ndi kuulula kaye, apo ayi muziyesa ndine mmodzi wa anthu aja obadwa ofatsa, oti olo muwaponde chala mu kombi, minibasi ya kuno, iwo ndi amene amayamba kunena pepani. Ayi ndithu. Ine ndine telala, ndimasokera ku Mbare, kugona ku Mufakose, kwathu kwenikweni ndi ku Dedza ngakhale ndakulira konkuno, ndipo mtima wanga ndi wapachala chibadwire, mayi ankati ndinatengera amalume. Lachisanu lina kumapeto kwa mwezi ndinali ndi madola 80 a renti mu foni, kasitomala wa mayunifomu a sukulu atangondilipira kumene, nde podikira kombi pa renki ndinati ndingoyesako kandege, kamasewera ka betingi ka pa foni kaja, ka dola imodzi yokha. Amene munasewerapo mukukadziwa, kamanyamuka, nambala nkumakwera, 1.3, 1.8, 2.4, chala chili pa batani mtima ukuti dikira pang'ono dikira pang'ono, kenako psiti kathawa. Ndinaika ina kuti ndibweze yoyambayo, kenako 5, kenako 10, makombi akudzaza nkumapita ine ndili chiimire, pomafika kunyumba mu foni munatsala masenti. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, pusiyo ndinali ine. Ndipo usiku womwewo achemwali anga atalemba pa gulu la banja la WhatsApp kukumbutsa za chopereka cha chiliza cha agogo, ndinawajambulira voice note ya mphindi zinayi yomwe sindingaibwereze pano.

Nde anthu akamva kuti masiku ano ndimalawira kukakhala chete kuseri kwa nyumba ngati kadzidzi, amandifunsa kuti kodi meditation imeneyi imathandizadi munthu waphuma, kapena ndi za anthu okhuta a ku Borrowdale? Imathandiza, koma osati mmene amaitsatsira pa TikTok. Chibaba sichichoka, mkwiyo umabwerabe, kandege kamandiitanabe mpaka lero. Chomwe chimakula ndi kampata kakang'ono kali pakati pa mtima kunena kuti chita ndi chala kudina. Kale kwa ine kampatako kunalibe, kufuna ndi kuchita zinali chinthu chimodzi. Pano pali masekondi angapo, pena atatu pena khumi, ndipo renti yanga imapulumukira mmasekondi amenewo.

Tisasokonezane pa mawu. Ena amati kusinkhasinkha, koma kusinkhasinkha kwathu kuja ndi kuitembenuza nkhani mmutu uku ndi uku, pomwe ambirife matenda athu ndi omwewo, kuganiza kwambiri, anzathu achishona amati kufungisisa. Chomwe ndikunena ine ndi kukhala pansi, kuika chidwi pa chinthu chimodzi, kawirikawiri mpweya womwe ukupuma, maganizo akathawa iwe nkuzindikira kuti athawa, nkuwabweza. Basi. Zoti mmutu mukhale mbee opanda ganizo lililonse ziiwaleni, zimenezo ndi za akumanda.

Ine ndi munthu wosakhulupirira zinthu msanga, ndinawerenga kaye ndisanawononge tulo tanga. Njira yomwe madokotala amaigwiritsa ntchito kwambiri anaiyambitsa Jon Kabat-Zinn mu 1979 pa chipatala cha yunivesite ya Massachusetts ku America, maphunziro a masabata 8, ndipo wophunzira amayenera kuchita mphindi 45 tsiku lililonse kunyumba. Mu 2014 akatswiri a ku Johns Hopkins anasonkhanitsa kafukufuku 47 wa anthu oposa 3,500, nkupeza kuti pa nkhawa, depression (matenda a chisoni chozama) ndi ululu wa mthupi phindu lilipo koma ndi lapakatikati, silinapose mankhwala kapena masewera olimbitsa thupi, ndipo pa nkhani ya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo umboni unali wochepa. Mu 2022 kafukufuku wina wa anthu 276 odwala nkhawa anaonetsa kuti masabata 8 amenewa anathandiza mofanana ndi piritsi lotchedwa escitalopram. Koma chaka chomwecho ku Britain anayesa pa ana a sukulu oposa 8,000 mmasukulu 84, sizinasinthe kanthu poyerekeza ndi maphunziro anthawi zonse, ndipo ana ambiri sankachita nkomwe akafika kwawo. Mwaonatu, chinthu chokakamiza sichigwira, nde musakawakhazike ana anu pamzere mawa mmamawa ati chifukwa mwawerenga za telala wa ku Mbare.

Pa za phuma zenizenizo, zomwe zinandigwira mtima ndi ziwiri. Marsha Linehan, katswiri wa maganizo wa ku Seattle, anakonza chithandizo chotchedwa DBT cha anthu omwe mtima umawaphulikira mpaka kudzivulaza, ndipo luso loyamba lomwe amaphunzitsa mmenemo ndi lomweli, kuona zomwe zikuchitika mkati mwako usanachite kanthu. Winanso Alan Marlatt, wa mzinda womwewo, ankagwira ntchito ndi anthu a mowa ndi fodya, ndipo anzake mu 2014 anatsatira anthu 286 omwe anali atangomaliza chithandizo chosiya mowa ndi mankhwala, patatha chaka omwe anaphunzira njira imeneyi anali ndi masiku ochepa obwerera ku mankhwala komanso kuledzera kwambiri kunachepa kuposa anzawo. Koma onani bwino, konseko kukhala chete sikunali kokha, kunali mkati mwa chithandizo chokhala ndi mlangizi ndi gulu.

Mmutumu mmene ndimamvera ine muli ngati kombi. Muli hwindi, kondakitala kunena kwake, kachigawo kotchedwa amygdala, ntchito yake kukuwa ndi kumenya denga, tiyeni tiyeni, ngozi, mwayi ukutha. Ndiye muli dalaivala, ubongo wa kuseri kwa chipumi, ndi amene ali ndi mabuleki, ndipo iyeyu amakhwima mochedwa, mpaka zaka za mma 25, nchifukwa chake anyamata athu amachita zinthu zoti iwe nkugwira pakamwa. Dalaivala akakhala sanagone, ali ndi njala kapena wamwa, amangomvera hwindi. Tsiku la kandege lija ndinali nditasoka usiku wonse chifukwa magetsi anabwera 10 koloko usiku, nkhomaliro sindinadye. Nde musanayambe nkomwe zomwe ndikufotokozezi, gonani ndipo idyani, ndikunenetsa.

Tsopano kachitidwe kake.

Sankhani nthawi imodzi yomweyomweyo tsiku lililonse, ndipo ikhale nthawi yomwe mtima uli pansi, osati mutakwiya kale. Kusambira saphunzirira pa mtsinje wodzaza. Ine ndimachita ndikangodzuka, ndisanatsegule data, chifukwa ndikangoona mameseji basi tsiku landilanda. Malo musavutike nawo, ambirife tikukhala chipinda chimodzi kapena ziwiri ndi ana, bata la mmafilimu kulibe. Ine ndimatenga ndowa ya malita 20 nkuivundikira kuseri kwa nyumba pafupi ndi kadimba ka masamba, nkukhalapo. Mnzanga wina wolondera ku Msasa amachitira mu kanyumba kake ka pageti ikamakwana 4 mbandakucha, mayi ena a kutchalitchi kwathu amachitira pa mzere wa madzi ku mjigo atakhalira chigubu chawo. Kupinda miyendo ngati zithunzi za pa intaneti sikofunika, mawondo athu ena anatha ndi makina opalasa. Khalani mowongoka koma osauma ngati msilikali, mapazi pansi, manja pa ntchafu. Maso mutha kutseka, kapena kungoyang'ana pansi patsogolo panu, makamaka ngati kutseka maso kumakupatsani mantha.

Tcherani alamu ya mphindi 5 pa foni, foniyo muiike chafufumimba patali pang'ono poti dzanja silifika. Zisanu zokha. Ndikudziwa kafukufuku uja anali wa mphindi 45, ndipo sindikunamizani kuti zisanu zikupatsani zofanana, koma munthu waphuma ukamuuza 45 achita tsiku limodzi mwamphamvu nkulengeza pa status, lachiwiri osaonekanso. Ndimadzidziwa. Yambani ndi zisanu kwa masabata awiri, kenako 10, ine pano ndili pa 15 ndipo Lamlungu pena ndimafika 20.

Kenako pezani pomwe mpweya ukumveka bwino, ena ndi pa mphuno pomwe kamphepo kozizira kamalowera, ena ndi pamimba pomwe pamakwera nkutsika. Musaukakamize, upume wokha mmene ukufunira. Mukatulutsa werengani chamumtima, wani, kutulutsa kwina thuu, mpaka teni, nkuyambiranso. Zikumveka zachibwana eti? Tsiku loyamba ine ndinafika pa 3, kenako ndinapezeka ndili ku mashopu a ku Gulf mtauni kugula zipi, ndakangana kale ndi wogulitsa, ndamuyankha bwinobwino mawu oti akamve kuwawa mpaka kwawo, alamu nkulira. Mphindi zinayi zonse ndinali mtauni thupi lili pa ndowa.

Apa ndi pomwe anthu ambiri amasiyira, amati ine sizinganditheke mutu wanga ndi wothamanga. Koma abale, kuthawa kwa maganizoko ndiye ntchitoyo. Nthawi yomwe mwazindikira kuti aa ndachoka, nkubwerera pa wani, chimenecho ndi chomwe mukulimbitsa, chimodzimodzi kunyamula chitsulo kamodzi. Maganizo akathawa ka 30 nkuwabweza ka 30, mwanyamula ka 30. Ndipo kuzindikira komweko, aa ndachoka, ndi komwe kudzakuthandizeni pa renki chala chili pa batani. Chofunika china, pobwerera musadzikalipire. Ine poyamba ndinkati chitsiru iwe wathawanso, nde ndinkadzuka pa ndowa nditakwiya kuposa mmene ndinakhalira. Bwezani maganizo mmene mumabwezera mwana wokwawa akamalunjika ku mbaula, mumangomunyamula nkumuika pa mkeka, akapitanso mumunyamulanso, simumumenya.

Sabata yoyamba ikatha onjezerani ichi: ganizo likakukokani litchuleni dzina ndi liwu limodzi chamumtima. Renti. Ndewu. Mantha. Kumudzi. Chibaba. Kenako bwererani ku mpweya. Zimaoneka zopanda pake koma pali kusiyana pakati pa landilodi andithamangitsa ndithu ine ndatha, ndi kungoti, nkhawa ya renti yabweranso. Poyambapo uli mkati mwa moto, pachiwiripo waima pambali ukuuona. Patatha mwezi ndinadabwa kuona kuti maganizo anga onse ndi anayi okha omwe amangosinthana ngati nyimbo za mu kombi imodzi.

Tsopano gawo lomwe kwa ine ndi mwini nkhani, ndipo ndikhalapo pang'ono. Mukakhala chete, pasanathe mphindi ziwiri penapake payamba kuyabwa. Pamphuno, kuseri kwa khutu, pamsana poti simufikira. Dzanja limanyamuka lokha musanaganize nkomwe. Kumeneko ndiye kupupuluma kwenikweni, kwakung'ono, kopanda ngozi, kwabwera kokha kudzakuphunzitsani ulere. Musakande. Siyani kuwerenga, chidwi chonse chipite pa kuyabwapo. Pali pati penipeni, kukula kwake ngati njere ya mapira kapena ngati kobiri, kukutentha kapena kukunyerenyetsa? Mumva mtima ukukuwa kuti kanda kanda sindingapirire, kuyabwa kukwera, kukwera, kufika poti mukuona ngati mufa, kenako mosayembekezera kumayamba kutsika kokha, pena kumasamukira pena, pena kungozimirira. Tsiku loyamba kuona zimenezi ndinaseka ndekha kuseri kwa nyumba mpaka mayi a kunyumba anasuzumira pawindo kuti bambo mwayamba liti zimenezi. Zaka zonsezi ndinkakhulupirira kuti chilakolako ukapanda kuchimvera chimangokulirakulira mpaka uphulike. Bodza. Chimakwera, chimafika pamwamba, chimatsika. Marlatt uja ankachifanizira ndi funde, ndipo amene munaimapo mmadzi ku Salima mukudziwa, funde silikankhidwa, umangolimba miyendo nkulisiya lidutse. Koma ngati ndi udzudzu umenyeni, malungo alibe meditation kkkk.

Luso la kuyabwali ndi lomwe mumalitenga kupita nalo mtauni. Chakudza sichiimba ng'oma, amatero akuluakulu, koma ine ndapeza kuti mkwiyo ndi chibaba zimaimba ndithu, kungoti ng'oma yake imalira mthupi ndipo sitimvetsera. Kwa ine mkwiyo umayamba ndi kutentha kuseri kwa khosi, kenako nsagwada zimalumana. Chibaba cha kubetcha chimayamba ngati kanjala pansi pa chifuwa ndi kunyerenyetsa mzala. Zanu zikhala zina, zifufuzeni, sabata imodzi muzingodzifunsa mukapsa mtima kuti zinayambira pati mthupimu. Mukadziwa ng'oma yanu, ikangolira chitani zitatu izi motsatana: imani osasuntha dzanja kapena pakamwa, tchulani dzina lake chamumtima, kenako tulutsani mpweya wautali katatu uku mukuyang'ana pomwe pakutenthapo ngati mmene munkayang'anira kuyabwa kuja.

Ndikupatseni chitsanzo cha mwezi wathawu. Mukudziwa vuto la chenji kuno, hwindi anandikwatitsa ndi bambo wina wosamudziwa pa dola imodzi, ati mukagawane nokha mukatsika, bamboyo nkutsika msanga ndi dola yonse. Khosi linatentha pompo. Kale pamenepo kombi yonse ikanadziwa kuti mu Chichewa muli mawu angati otukwana. Ndinamva kutenthako, ndinati chamumtima ndewu, ndinagwira chitsulo cha mpando wakutsogolo nkutulutsa mpweya katatu, mtima ukugunda ngati ng'oma ya gule ku Dzivarasekwa. Mkwiyo sunathe ayi, koma pofika mpweya wachitatu ndinatha kuona kuti ndikufuna kumenyana ndi mnyamata wa msinkhu wa mwana wanga chifukwa cha masenti 50. Ndinamuuza bwinobwino kuti mwana wanga wandilakwira, iye anangoti sorry mudhara, nkundibwezera pa ulendo wa mawa lake. Akanakhala wina mwina sakanabweza, koma ine mano anga onse alipo.

Kapumidwe kake pa nthawi yotentha ngati imeneyo kali ndi kaluso. Kokani mpweya ndi mphuno, musanatulutse kokaninso kachiwiri pang'ono kudzadzitsa mapapo, kenako tulutsani ndi pakamwa pang'onopang'ono mpaka utheretu, ngati mwana akamamaliza kulira. Kutulutsa kotalika kumachepetsa kugunda kwa mtima, ndi mmene thupi linapangidwira. Ku Stanford mu 2023 anayesa kapumidwe kameneka mphindi 5 pa tsiku kwa mwezi umodzi, ndipo anthu ake anasangalala mumtima kuposa omwe ankangokhala chete kuyang'ana mpweya. Nde ngati kukhala pa ndowa kwakukanikani kotheratu, yambirani pamenepa. Zikafika poipa zedi, thupi likunjenjemera, njira ina ya Linehan ndi madzi ozizira kumaso, kuviika nkhope mu beseni masekondi angapo utagwira mpweya, mtima umatsika liwiro nthawi yomweyo, madzi a mu June kuno safunanso firiji. Koma a vuto la mtima musayese musanafunse adokotala.

Chinanso, lamulo la mphindi khumi. Chilichonse chomwe mtima ukuti pompano pompano, kaya kutumiza meseji yokalipa, kaya nsapato ya pa WhatsApp yomwe ati yatsala imodzi, kaya kubetcha, chiuzeni kuti chabwino, tichita, koma pakatha mphindi khumi. Musachikanize, mukachikaniza chimalimba. Mtima suvala nsanza, umafuna zabwino nthawi zonse, nde umangofunika kuunyengerera ngati mwana. Mmphindi khumizo nyamukani, yendani, mwani madzi, funde lija litsike. Voice note yokwiya ijambuleni ndithu, koma mudzitumizire nokha pa nambala yanu, mawa mmamawa muimvere. Ine zanga ndikazimvera kutacha ndimachita manyazi ngati ndaonera munthu wina woledzera.

Ndinene mosabisa, kukhala chete pakokha sikukanandichotsa pa kandege. Ndinamanganso mpanda. Apu ndinaichotsa mu foni. Ndalama ya renti ikangolowa ndimaitumiza kwa mayi a kunyumba pa EcoCash nthawi yomweyo ndisanachoke pa makina, zina timaponya ku mukando, gulu losunga ndalama la amayi, komwe sindingazifikire olo nditalira. Njira yodutsa pa shopu ya betingi ndinaisiya, ndimazungulira, mphindi zisanu zoonjezera. Katswiri wina wa ku Germany, Peter Gollwitzer, anaonetsa kuti munthu amakwanitsa bwino zomwe wakonza ngati wanenerathu kuti zikachitika zakuti ine ndichita chakuti, kusiyana ndi kungolumbira kuti ndasintha. Zanga ndinalemba ndi choko cha telala mkati mwa chivundikiro cha makina: ndikalandira ndalama, nditumiza kaye. Khosi likatentha, mpweya utatu. Meditation ntchito yake ndi kundipatsa masekondi okumbukira zomwe ndinalembazo.

Pena ena amandifunsa za chikhulupiriro, poti ambirife ndi a CCAP, Akatolika, ena Asilamu, ena a mipingo ya mzimu. Zoona zake, Kabat-Zinn anatengera njirazi kwa Abuda nkuchotsamo zachipembedzo kuti zilowe mchipatala, palibe chifukwa chobisira. Zomwe ndafotokoza pano mulibe kupembedza chilichonse, ndi mpweya wanu womwe ndi kuyabwa kwanu komwe. Ngati mtima sukukhazikikabe, mmalo mowerenga manambala ikani mawu aafupi a pemphero potulutsa mpweya. Agogo anga ankakhala ndi kolona pakhonde madzulo aliwonse, mkanda umodzi umodzi, maganizo akathawa nkubwerera pa mkanda, ndipo ndikaganiza pano ndimaona kuti ankachita zomwezi kale ine ndisanamve dzina lachingerezili.

Tsopano chenjezo, ndipo apa musadumphe. Si aliyense amene kukhala chete kumamuchitira bwino. Willoughby Britton ndi anzake ku Brown University analemba mu 2017 za anthu omwe meditation inawabweretsera mantha, kusowa tulo, kudzimva ngati sali mthupi mwawo, ndi kukumbuka zoopsa zakale. Ngati munadutsa mu zowawa, kugwiriridwa, nkhanza, ngozi, kapena munaona nyumba yanu ikugwetsedwa nthawi ya Murambatsvina mu 2005 ndipo zimakubwererabe, kutseka maso nkuyang'ana mkati kutha kutsegula chitseko chomwe simungathe kuchitseka nokha. Mukaona mtima ukuthamanga kwambiri, zithunzi zikubwera, tsegulani maso, pondani pansi mwamphamvu, tchulani zinthu zisanu zomwe mukuziona, siyani. Yesani yoyenda mmalo mwake, kuyenda pang'onopang'ono chidwi chili pa mapazi, kapena kumvetsera phokoso la panja, atambala, makombi, wailesi ya aneba.

Palinso phuma lina lomwe si khalidwe chabe koma matenda. Munthu akamatha masiku angapo osagona koma mphamvu zili tho, kuyankhula kosalekeza, kumwaza ndalama, mapulani akuluakulu, kenako nkugwa mu chisoni chozama, zimenezo zitha kukhala bipolar ndipo zimafuna mankhwala. Wina chiyambire ubwana sakhazikika, amaiwala, amadula anthu pakamwa, itha kukhala ADHD. Wina akumva mawu omwe ena sakuwamva. Wina ndi mutoriro kapena bronco, mankhwala ozunguza bongo omwe atimalizira ana mmalokeshoni muno. Onsewa ndowa yanga siingawachize, apite kuchipatala, ku Parirenyatwa kuli Annex, ku Sally Mugabe Central komwe ambiri timangoti ku Gomo kulinso chigawo cha matenda a maganizo, ndipo poyambira pafupi ndi kiliniki ya khonsolo ya kwanuko. Amene muli kale pa mankhwala musasiye ati chifukwa mwayamba meditation, chonde. Ndipo ngati maganizo ofuna kudzipha akubwera, musakhale nawo chete pa ndowa, uzani munthu lero lomwe, mkazi wanu, mbale, abusa, shehe, nesi, ndipo zingwe, mankhwala a mbewu ndi mapiritsi zichoke pafupi, chifukwa nalonso limakhala funde, limatsika ngati munthu wadutsa ola loipalo ali ndi wina pambali.

Mwayi womwe tili nawo kuno anthu a mayiko ena amachita kuusirira. Friendship Bench inayambira ku Mbare konkuno mu 2006, anaiyambitsa Dr Dixon Chibanda, agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi panja pa kiliniki nkumamvetsera mavuto a anthu, kukuthandiza kusankha vuto limodzi ndi kupeza chochita nalo, ulere. Kafukufuku wawo wa 2016 wa anthu 573 mmakiliniki 24 a mu Harare anapeza kuti patatha miyezi 6, mwa omwe anakhala pa benchi pafupifupi 14 pa 100 ndi omwe anali ndi zizindikiro za depression, pomwe mwa omwe sanakhale pa benchi anali pafupifupi 50 pa 100. Manambala amenewo ndi aakulu kuposa a meditation aliwonse omwe ndatchula pamwambapa, nde ngati chomwe chikukudyani ndi kufungisisa kwenikweni, yambani ndi benchi, ndowa ibwere pambuyo. Ine ndinapitako kanayi nkhani ya renti ija itachitika, ndinkaopa kuti Chishona changa chokhota andiseka, agogowo sanasamale nkomwe, anangoti taura mwanangu, yankhula mwana wanga.

Mudzadumpha masiku, zimenezo nzosapeweka. Ine mu December maoda a madiresi a ukwati atachuluka ndinatha masabata atatu osakhala pa ndowa, ndipo ndinazionera pa kamwa yanga, mwana wanga wamkazi anachita kundifunsa kuti adadi mwasiya kukhala kuseri kuja eti. Ukadumpha umangobwerera pa wani, chimodzimodzi powerenga mpweya paja. Kuti mudziwe ngati zikugwira musayang'ane mmene mukumvera muli chikhalire, masiku ena mphindi zonse zimakhala phokoso lokhalokha. Yang'anani kunja: mwezi uno mameseji angati omwe mwachita kufufuta mutatumiza kale, ndalama zingati zapita mosakonzekera, ana akukuthawani kapena akubwera kudzakhala pafupi. Ine ndimalemba kumapeto kwa kabuku ka miyezo ya makasitomala, kamzere kamodzi tsiku lomwe ndaphulika. Mwezi woyamba tinali timizere 11, mwezi wathawu 3, kamodzi mwa ito chifukwa cha kasitomala yemwe anabweza suti ati yamuthina pomwe ananenepa yekha.

Achemwali aja tinagwirizana, ndalama ya chiliza ndinapereka mochedwa ndi miyezi iwiri, ndinakwera basi ya pa Nyamapanda kudutsa Tete kukapepesa pamaso. Koma voice note ija sanaifufute. Ati akuisunga, ndipo Khirisimasi iliyonse tikakumana amaopseza kuti aiika pa sipika ana amve mmene amalume awo ankayankhulira.